Deti ya pa Chidindo

Fomu inali patebulo, ikudikira chidindo cha laibulale. Malo ku maphunziro a ogwira ntchito anali amodzi okha, ndipo abwana anasankha mtsikana wa pakompyuta, wobwera chaka chathachi.

"Amayi, tandidindirani msanga," anatero mtsikanayo. "Akuti deti ikapitirira ya lero, fomu saiwerenga n'komwe."

Mayi oyang'anira mashelefu anatenga chidindo. Zaka makumi awiri akupuma fumbi la mabuku amenewa, palibe anawatumizapo ngakhale ku msonkhano wa tsiku limodzi. Mwanayu anamuphunzitsa ndi iwo kumata msana wa buku.

Chenjerani nayo nsanje, pakuti sibwera ikufuula. Chala chimodzi chimaikwanira. Chala chawo chachikulu chinakankha kagudumu ka chidindo, 14 n'kusanduka 15. Anadinda mwamphamvu.

Mtsikanayo anauzira inki kuti iume, maso ali pa wotchi, n'kulowetsa fomu mu envelopu.

"Musadandaule, amayi," anatero uku akumata. "Ndikakabwerako ndidzakuphunzitsani zonse, pang'onopang'ono."

Mayi aja anabweza chidindo mu dirowa, n'kutseka.

"Thamanga, mwanangu," anatero. "Ungachedwe."