Khonde la pa Chithunzi

"Iyi ndi Zomba!" Kalekeni anafuula, chala chili pa chithunzi chopachikidwa m'nyumba ya a Pillai, Mmwenye woyandikana naye nyumba ku Springfield, kutsidya kwa nyanja.

Akanaisokoneza bwanji nyumba ya pachithunziyo? Denga la malata lotsetsereka, zipilala zoyera, khonde lalikulu lozungulira nyumba yonse. Pakhonde limenelo bambo ake, amesenjala a boma, ankaima chipewa chili m'manja, kudikira kuti Bwana DC amalize kumwa tiyi.

A Pillai anapukusa mutu. "Ayi, a Kalekeni, uku ndi kwathu ku India. Makondewa Angelezi anaonera kwa ife. Iwo anangoonjezera zipilalazo kuti tiziwaopa."

"Mkatimo munalowamo?"

"Bambo anga ankathera pakhonde."

"Anganso."

Panja chipale chofewa chinali kukwirira magalimoto. Kalekeni anakula akudana nayo nyumba ya Bwana DC ija, ndipo ankalumbira kuti tsiku lina adzalowera khomo lakumaso nsapato zili kuphazi. Koma chilankhulireni zandale pa msonkhano wa ophunzira mu 1974, kwawo kunali kosapondeka. Ngakhale maliro a bambo ake anangowamvera pa telefoni.

Lero zolowa mkati analibe nazo ntchito. Ankangofuna simenti yofiira yapakhonde ija, yozizira kumapazi, ndi fungo la mvula yotsika m'phiri.

"Khalani pansi, tiyi akuzizira," anatero a Pillai.

Kalekeni anamva ndithu. Koma anaimabe pomwepo, maso ali pakhonde la eni ake, chipewa chili m'manja.