Phukusi la M'kabati ya a Meya

Honorine ankasesa ofesi ya meya wa mudzi wawo maso ali pa zenera. Tsache linkangodutsa malo amodzimodzi. Ankayang'ana msewu wochokera ku boma, poti zoipa zonse zinkafika m'mudzimo kudzera pamenepo, m'chikwama cha wapolisi wa panjinga.

Linali Loweruka, tsiku loyamba la Ogasiti, 1914. Tirigu anali atacha. Mwana wake mmodzi yekhayo, Firmin, anali kumunda ndi chikwakwa. Usilikali anamaliza chaka chatha, koma dzina lake linatsala m'kaundula: boma likaitana, ayenera kupita.

"Tandiuzaninso, a meya," anatero Honorine. "Woomberedwa mfuti uja ndi wa kunyumba yachifumu ku Ositiriya. Woombera ndi mnyamata wa mtundu wa Asebiya. Firmin wanga akubwerapo bwanji pamenepa?"

A Cazalet, meyawo, anavula magalasi. "Ositiriya wayamba kumenya Sebiya. Rasha akuti Sebiya ndi mng'ono wake. Jeremani akuti wokhudza Ositiriya wakhudza iyeyo. Ndiye ife a Falansa tinasainirana ndi Rasha kalekale."

"Munasaina ndinu?"

"Ine ndimasainira maukwati ndi maliro, mayi."

"Basi, osainawo anyamule mfuti okha. Mimba zawo zija, kumbuyo kwake kungabisale anthu atatu."

A meya sanaseke. Kwa masiku atatu tsopano sankamuyang'ana m'maso.

Koma Honorine anali ndi pokhazika mtima. Sukulu sanapite nayo patali, koma boma ankalidziwa: silisuntha popanda pepala, ndipo mapepala ake amayenda ngati nkhono. Zikalata za chisankho chapitacho zinatenga milungu itatu kuti zifike. Nanga zoitana amuna a dziko lonse? Akuluakulu ayambe agwirizana, wina alembe, akasindikize ku Paris, sitima inyamule, njinga ibweretse. Pofika nthawi imeneyo tirigu adzakhala ali m'nkhokwe, ndipo okwiyawo adzakhala atatopa. Woomberedwayo anaikidwa m'manda mwezi wathunthu wapitawo.

Anatsegula kabati kuti apukute fumbi. Pashelefu ya pamwamba panali phukusi lomangidwa chingwe, lomatidwa phula lofiira. Linabwera chaka chimene anayamba ntchito, zaka khumi zapitazo. "Ili n'la boma, osalitsegula," anamuuza choncho basi, iye n'kuganiza kuti ndi mapu a minda. Denga litadontha, amene analikweza pamwamba ndi iyeyo. Mbewa zitayamba kuluma chingwe, anabweretsa mphaka wake kuti azigona mu ofesimo. Sankafuna kuti wina adzanene kuti chinthu cha boma chinaonongeka m'manja mwa Honorine.

Cha m'ma folo koloko, fumbi linaoneka pamsewu.

Wapolisi anatsamiritsa njinga pakhoma, thukuta lili kamukamu. Honorine anathamangira pakhomo, maso pachikwama. Chinali chophwa. Anachigwira ndi dzanja lake osapempha, n'kuchifinya. Munalibe ngakhale kalata imodzi.

Honorine anaomba m'manja ndi chimwemwe.

"Mulungu akudalitseni, bwana, mwabwera chimanjamanja! Khalani pansi, ndikutungireni kavinyo. Nkhope yoipayi lero yakongola."

Wapolisiyo sanakhale. Anavula chipewa, n'kuyang'ana a meya.

"Lamya yafika, a meya. Akuti tsegulani."

A Cazalet anaimirira ngati munthu wodwala msana. Anapita pakabati, anatsitsa phukusi lija, n'kudula chingwe ndi kampeni. Munatuluka zikalata zikuluzikulu zomata pakhoma, zouma bwinobwino, zopanda ndi dzino limodzi la mbewa lomwe. Pamwamba mbendera ziwiri zopingasana, pansi pake malemba akuda oitana amuna onse kunkhondo.

Manambala Honorine ankawadziwa. Pakona ya m'munsi panali chaka chimene anazisindikiza: 1904, Firmin akuweta atsekwe, woomberedwa uja akudya bwino kwawo. Mzere umodzi wokha ndi umene unali wosalemba.

"Mayi Honorine," anatero a meya, "tandipatsirani inkiyo. Pangotsala kulembapo tsiku."