Belu la Akuba

Mayi anachotsa mbale pathebulo kuti mwana wawo wamkulu apeze malo okwanira. Chiyambire m'mawa mtsikanayo anali ataweramira kabolodi koyera ka pulasitiki, kodzaza timabowo ngati chisa cha njuchi. Amasenda waya ndi mano, n'kuwerenga mizere ndi chala, kenaka n'kuubaya m'kabowo kake. Wofiira wa moto, wakuda wobwerera. Akaphonya bowo limodzi amazula zonse n'kuyambiranso, osadandaula.

Anali atangobwera kutchuthi kuchokera kukoleji ya zamagetsi, ndipo anapeza m'nyumba mulibe mtendere. Akuba anali atathyola kwa aneba miyezi yapitayo. Kuyambira nthawi imeneyo mng'ono wake anasintha. Chakudya amangochitosatosa, anayambiranso kukodza pogona, ndipo dzuwa likamapendeka amakakamira siketi ya mayi ake ngati khanda. Mayi anayesa zonse: maloko atsopano, mapemphero, kusiya getsi loyaka. Amuna awo, amene anawapeza anawa ali aang'ono n'kuwalera ngati awoawo, amadzuka kawirikawiri kukazungulira nyumba ndi chibonga. Koma mantha a mwanayo sanathe.

Nchifukwa chake wamkulu atanena kuti apanga belu lochenjeza, mayi anangoti sukulu ndi yabwino. Mtsikanayo anawafotokozera mwachidule. Sensa ina, yokhala ndi maginito, imadziwa chitseko chikatseguka. Inayo, yooneka ngati theka la dzira, imamva kutentha kwa thupi la munthu akamadutsa. Ziwirizo zikagwirizana, belu limalira.

Masana bambo aja anatulukira akumanga lamba. Anaima kumbuyo kwa mpando wa mtsikanayo, akuseka, n'kunena kuti injiniya wa pakhomo pano awaonetsa zakuda akubawo. Anadzipereka kuti akabwerako kumpira aboola okha chitseko chakumaso n'kumangirira zonse.

"Sizinathe," anatero mtsikanayo, osadzutsa mutu. Waya umene unali m'manja mwake unapindikira pabolodi. Anautaya n'kutenga wina.

Bambo atatuluka, mayi anamudzudzula. Munthu wamkulu akamakulankhula umamuyang'ana, ndipo maphunziro si chifukwa choyankhira ngati ukulankhula ndi mnzako. Mtsikanayo sanatsutse. Anangofunsa ngati mayi amagonabe tulo tofa nato ngati kale. Mayi anaseka. Munthu woima tsiku lonse kusita zovala za eni ake, akafika pabedi amangoti gwa ngati chipika, ngakhale denga litasasuka sangamve. Mtsikanayo anazula kabelu kamene anali ataika poyamba, n'kulumikiza lina lalikulu.

Anaika mabatire. Kababu kobiriwira kanayaka. Anasuntha maginito ngati kuti chitseko chatseguka. Anaitana mng'ono wake, amene anali atakhala pakona atakumbatira maondo, kuti adutsitse dzanja pamwamba pa sensa yonga dzira ija. Mwanayo anayandikira mokayika. Belu linalira mobaya m'makutu, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

"Adzamva?" ananong'ona wamng'onoyo.

"Adzamva," anayankha mkulu wake.

Mayi anamva chifundo. Anamusisita mwanayo m'mutu n'kumuuza kuti akubawo akadzangomva phokoso limeneli adzaliyatsa liwiro osacheuka. Kenaka anatuluka kukaanula zovala, mtima uli m'malo koyamba pa nthawi yaitali.

Pobwerera anaima pakhomo kuti aone ntchito ya mwana wawo. Pachitseko chakumaso panalibe kanthu. Chakukhitchini chimodzimodzi. Anatula dengu pansi. M'khonde la m'kati anaona waya wopyapyala utamatidwa m'munsi mwa khoma, mobisika bwino. Anautsata. Mbali imodzi unalowa kuchipinda kwawo, n'kukathera pansi pa pilo wawo, pomwe panali belu lija. Mbali inayo unakafika kuchipinda cha ana, kumene anapeza wamkulu atakwera pampando, akumanga sensa pamwamba pa chitseko, wamng'ono atamugwirira mpandowo.

"Mwanawe, walakwitsa chitseko," anatero mayi. "Wakuba akafika pano ndiye kuti walowa kale m'nyumba."

Mtsikanayo anamaliza kumanga, n'kuwayang'ana m'maso.

"Sindinalakwitse, amayi. Amene amalowa muno sathyola loko. Amadzuka pambali panu."