Phala la Agogo Kuo

Sulastri anadziwa asanawakhudze n'komwe kuti agogo Kuo atisiya. Anaima pakhomo, mbale ya phala la mpunga ikumuwotcha zala.

Chitupa chimene chinamubweretsa kuno ku Taiwan chinali cha ntchito imodzi basi, yosamalira nkhalambayi. Mwini ntchito akagona chonchi, masiku a chitupa amayamba kuthothoka, ndipo ndani angalembe mzimayi wa imvi ndi msana wothyoka kale?

"Lastri! Bambo akudya?" anafuula mwana wawo, mayi Shu-fen, ali kukhitchini.

"Akudya, mayi."

Anatseka chitseko n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anatapa phala, kuliuzira monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zinayi.

"Agogo, mwandichita chipongwe inu," ananong'ona. "Si paja tinapangana kuti mudikira mwana wanga amalize sukulu kwathu ku Java? Miyezi inayi yokha yakukanikani?"

Anawapukuta kukamwa kouma kuja. Kenako anayamba kudya yekha phalalo, supuni imodziimodzi, kuti mbale ibwerere kukhitchini yopanda kanthu.