A Dzonzi Adzuka Bwino

Masiku ano dokotala safika pakhomo pokhapokha kabokosi kopachika pakhoma katamuitana. M'mawa uliwonse kamafunsa aliyense kuti, "Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu," anayankha a Dzonzi atafunda bulangete kumutu.

Mkazi wawo Nankhoma anaponya tsache pansi. Sabata yachitatu iyi bambowa sakudya, sakusamba, ngakhale nkhunda zawo zokondedwa zija sakuzicheukiranso. Dzulo ankati iwo ndi mtolo chabe pakhomopa.

"Bambo a Tadala, ulemu wanji kupatsa mawaya? Kauzeni zoona!"

"Munthu sadandaula pa moni, mayi."

Kabokosi kanafunsanso Nankhoma. Nayenso "bwino" anali atafika kale pamlomo, koma anamumeza.

"Kuno sitinadzuke," anatero. "Amuna anga si aulesi, akudwala maganizo. Itana dokotala lero, apo ayi ndikuzula ndikakuponye kudzala."