Mvunguti wa m'Manda a Atate

Mudzi wathu, kufupi ndi Msoro, unasamukira kumtunda chaka chomwe mtsinje wa Lupande unasefukira. Madziwo anatenga atate ine ndili kumsana kwa amayi. Mtembo sunapezeke, ndiye mwa mwambo m'manda anaikamo chipatso cha mvunguti. Mng'ono wawo, a Zebron, amene anali nawo m'bwato tsikulo, analowa chokolo n'kutenga ndi munda womwe. Ndinakula ndikuwatcha atate.

Okutobala wathayu, kutangoda, ndinapita kumjigo. Nthaka inali itang'ambika ndi dzuwa, koma bambo wina amene anaima pambali pa njira anali atanyoweratu, madzi akudontha m'malaya.

"Mwaswera bwanji?" ndinatero.

"Ndiwe Tabeth? Wakula, mwanangu," anayankha. "Ukamufunse Zebron. Nditagwira m'mphepete mwa bwato, nkhafi ija anamenya nayo chiyani?"

Anakweza dzanja. Zala zinayi zinali zothyoka.

Ndinafika kunyumba wopanda chidebe. A Zebron anali pakhonde. Anayang'ana kumbuyo kwanga, pomwe fumbi linkanyowa phazi ndi phazi, nati chapansipansi:

"Wakuuza, eti?"