Mpata pa Chithunzi cha Ukwati

"Uwonjezeremo munthu mmodzi pa chithunzi ndakutumiziracho," anatero mayi ake a wojambula wina pafoni.

Wojambula uja anaika pansi cholembera chake cha pakompyuta. Ntchito yomudyetsa inali yomweyo: anthu ankamutumizira zithunzi za maukwati, iye n'kujambulamo bambo kapena agogo amene anamwalira tsikulo lisanafike. Zaka zitatu anali m'kachipinda komweko, makatani ali chitsekere kuti dzuwa lisamusokoneze, akungocheza ndi nkhope za malemu a eni ake.

"Ndani watisiyanso, amayi?"

"Palibe wamwalira. Udzijambulemo iweyo. Paja pa ukwati wa mng'ono wako unati ntchito yakuchulukira."

Asanayankhe, mayi aja anadula foni.

Wojambulayo anafufuza m'kompyuta monse. Munali nkhope zankhaninkhani, koma yake munalibe. Anakachotsa galasi kubafa n'kuliimika patebulo. Anadzijambula mmene analili, ndi maso ake otopawo, osadzikongoletsa ngati mmene ankachitira ndi makasitomala. Aka kanali koyamba kujambula munthu wamoyo chichokereni kwawo.

Kenako anatsegula chithunzi cha ukwati chija, atakonzekera mbali yovuta ya ntchitoyi, yosuntha mapewa a anthu kuti wowonjezeredwayo akwanemo.

Sanasunthe aliyense. Pakati pa mayi ake ndi mkwatibwi panali kale mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo dzanja la mayi ake linali m'malere, ngati lagwira phewa la mwana amene sanabwere.